Zala Zitatu pa Njerwa ya Koleji

Zikomo akuluakulu a koleji, aphunzitsi, makolo, ndi inu nonse amene mwabwera kudzayamba maphunziro lero. Anandiuza kuti ndisatalikitse, koma amene anandiuzawo amandidziwa, ndiye asadabwe. Inu anyamata mwakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, ndakuonani. Inenso tsiku langa loyamba ndinakhala pomwepo, kuti zikandinyansa ndituluke mwakachetechete. Musatuluke msanga, nkhani iyi ndabweretsera inu.

Dzina langa ndine Levisoni. Kwathu ndi cha ku Nathenje, koma ndinakwatira kuno kumbali ya Mitundu, ndiye ndine mkamwini. Masiku ano anthu amandiitana kuti amisiri, ndipo ndikamva choncho ndimayamba ndacheuka kuti mwina akuitana wina. Pali ena muno amene akundikumbukira nditagona m'ngalande ya pamsika, nsapato imodzi itapita ndi madzi. Musayang'ane pansi, simunalakwe kundiona. Ndinali ine ndithu.

Ndinalephera mayeso a Fomu 4. Si zachilendo, ambiri amalephera n'kubwereza. Vuto langa linali matama. Mudzi wonse unkadziwa kuti Levisoni adzagwira ntchito ya muofesi ku Lilongwe, chifukwa ndinkauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Zotsatira zitatuluka dzina langa mulibe, ndinathawa manyazi n'kubwera kudzagwira maganyu m'minda ya fodya kuno. Kachasu ndinamuphunzira komweko. Poyamba ndinkamwa Loweruka lokha, pothetsa kutopa. Kenako ndinawonjezera Lachitatu, poti sabata imatalika. Kenako ndinangosiya kufunsa kuti lero n'lachingati.

M'minda momwemo ndinakumana ndi Esinati, mkazi wanga. Munthu wosalankhulalankhula, koma ntchito ili m'manja. Chala chake chapakati cha kudzanja lamanja n'chachifupi, chinaduka ndi chikwakwa ali mwana, ndipo pa chibwenzi ndinkakonda kumuseka nacho. Chala chimenecho muchisunge m'mutu. Tinakwatirana, ndinalowa m'mudzi mwawo, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Tadala.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini akafika, eni mbumba amamulozera malo kuti amange nyumba. Ine anandilozera a Chisale, malume ake a Esinati, malo abwino pafupi ndi mtengo wa mango. Koma uphungu wa kamangidwe ndinakautenga kwina, kumene tinkamwera. Ambiri a ife kumeneko tinali akamwini, ndipo mowa ukafika m'mutu aliyense ankasanduka nkhoswe.

“Iwe Levi, usapusitsidwe,” ankatero. “Kumudzi kwa eni ake sumangako nyumba yolimba. Tsiku lina akadzatopa nawe adzakupatsa kathumba kako, nyumba n'kutsalira mwamuna wina. Manga yongobisalamo mvula basi.”

Ndinaona ngati ndamva nzeru za chaka. Ndinaumba zidina, njerwa zosaotcha zija, mwaulesi. Maziko sindinakumbe, ndinangopala pansi ndi khasu n'kuyamba kusanja. Khonde loti litchinge khoma ku mvula sindinaike. Udzu wa padenga unali woti ukagona chagada ukhoza kuwerenga nyenyezi. Esinati anaima n'kuyang'ana khoma la kuchipinda nthawi yaitali.

“Bambo a Tadala, khoma ili likuoneka ngati likufuna kugwada,” anatero.

“Mukadzamanga yanu mudzaliwongole,” ndinayankha ine, wa Fomu 4.

Zaka zomwezo ndi pamene nkhani ya koleji ino inayamba, ndipo inu achinyamata muyenera kuidziwa, chifukwa nyumba zino sizinagwe kuchokera kumwamba. Pamalo pano panali esiteti ya fodya. Pamene mwakhalapo panali shedi yomwe matenanti ankasankhiramo fodya. Esiteti itatsekedwa, munatsala mileme ndi mbuzi. Nthawi imeneyo mwana wa kuno akafuna kuphunzira ntchito yamanja ankayenera kupita kutali, kumene kumafunika thiransipoti, malo ogona ndi wachibale wa m'tauni. Ambiri analibe zonsezo, ndiye ankathera kootcha makala ku Dzalanyama, kapena kumene ndinathera ine. Makolo a midzi yozungulira anakhala pansi n'kukapempha boma kuti mashedi aja asanduke sukulu ya ntchito zamanja, yoti mwana azichokera pakhomo pa amake m'mawa n'kubwerera madzulo. Boma linavomera, koma linati: simenti, malata, makina ndi aphunzitsi tibweretsa ife, njerwa ndi mchenga mupeze eni akenu.

Ndiye mudzi uliwonse unali ndi dzenje lake ndi uvuni wake. Pofuna kupewa mikangano yoti mudzi wakuti wachita ulesi, anagwirizana kuti mudzi uliwonse uziika chizindikiro pa njerwa zake zikadali zaziwisi. Ena ankalemba mtanda ndi kamtengo. Ena ankadinda ndi pansi pa botolo. Mudzi wa kwa akazi anga unasankha zala zitatu, woumbayo kungodinda pamwamba asanapite kukatenga dothi lina. Ntchito inagawidwa monga mwa masiku onse, abambo kuumba, amayi kutunga madzi. Khomo lililonse litulutse bambo.

Tsiku la khomo lathu litafika, ine ndinati, “Koleji yophunzitsa kuponda matope? Imeneyo ndi ya anthu osapita kusukulu.” Ndinavala malaya n'kulunjika ku Mitundu. Esinati anaona kuti dzina la khomo lathu litchulidwa pabwalo ngati khomo la aulesi. Anabereka Tadala kumbuyo, anatenga chikombole, n'kukalowa m'dzenje pakati pa azibambo. Osati tsiku limodzi, nyengo yonse youmba. Amayi anzake ankamumvera chisoni, ena ankaseka. Iye ankafika pakhomo matope mpaka m'khosi, msana utauma. Ine chomwe ndinkamufunsa n'chakuti kodi ndiwo zapsa.

Koleji inatsegulidwa, ana a anthu anayamba kuphunzira, ine ndikumwabe. Tadala anakula n'kuyamba sukulu. Kanyumba kaja kankapirira chaka ndi chaka, ndipo ine ndinkati mwaona, kali bwinobwino.

Kenako kunabwera mvula ija yosakata, ya mwezi wa Januwale. Linali Lamulungu masana. Tadala ankadwala malungo, amake anamugoneka pamphasa kuchipinda, m'mbali mwa khoma, iwo n'kuthamangira kudimba kukathyola ndiwo. Khoma lija linagwada. Anansi anamva kugunda, anathamanga n'kufukula mwana ndi manja. Anamupeza ali moyo, mwendo utathyoka. Anamunyamula pangolo mpaka kuchipatala. Ine amene anabwera kudzandiuza anachita kundigwedeza, chifukwa mawu okha sankalowa. Nditafika pakhomo la wodi, anamwino anandibweza chifukwa cha fungo. Mwana wanga ankalira m'kati, ine nditakhala pansi pa mtengo panja, osatha ngakhale kuimirira mowongoka.

M'mawa mwake anandilola kulowa. Tadala anali ndi chikhakha kuyambira m'ntchafu. Bedi lake linali pakati pa njira, anthu n'kumachita kulizungulira. Ndinafunsa chifukwa chake. Esinati anandiyankha osandiyang'ana.

“Wakana kugona kukhoma. Akuti ligwa.”

Kuyambira tsiku limenelo mwana uja sanagonenso pafupi ndi khoma lililonse. Atatuluka m'chipatala anakakhala kwa agogo ake, ndipo mphasa yake ankayala pakatikati pa nyumba. Kusukulu ankakhala pakati pa kalasi. Kutchalitchi chimodzimodzi.

Ankhoswe anakumana. A Chisale sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoti, “A Levisoni, tinakupatsani malo kuti mumange nyumba. Inu mwatitchera msampha. Bapitani kwanu.” Zovala zanga zinali kale m'thumba la feteleza. Anzanga aja analosera zoona, kathumba ndinapatsidwadi. Koma nyumba yotsalira mwamuna wina panalibe. Panatsala mulu wa dothi ndi mwana wotsimphina.

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa pamenepo? Ayi, abale anga, ndipamene ndinamwa zenizeni. Ndinabwerera ku Nathenje kwa alongo anga a Felesiya, n'kumaitanira minibasi pasiteji. Chomwe ndapeza m'mawa chinkathera m'botolo dzuwa lisanafike pamutu. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti inali mvula. Ndikaledzera kwambiri ndinkati kuchikamwini kuja anandilodza. Ndinaonda, mano anayamba kugwedera, ana a alongo anga ankathawa ndikamalowa pakhomo.

A Felesiya ndi amene anayamba kunena za koleji. Ndinakana kangapo. Ndinadzavomera nditamva kuti omaliza maphunziro a zomangamanga nthawi zina amathandizidwa ndi zida zoyambira, chipande chomangira, levulo yoonera ngati khoma lawongoka, wilibala. Ndikunena poyera pamaso pa akuluakulu a koleji: ine ndinabwera kuno kudzatenga wilibala kuti ndikagulitse. Sekani, n'zoseketsadi. Alamu anga anandibwereka njinga, alongo anga anagulitsa nkhuku zawo kuti ndilembetse, ndipo ndinafika muno maso ali psu, n'kukhala pafupi ndi chitseko.

Aphunzitsi athu a zomangamanga anali mayi Nankhoma, awo akhala apowo, amene akundiyang'ana ngati ndasiya simenti pamvula. Nditaona kuti ndi mzimayi ndinati basi, apa palibe chanzeru. Tsiku loyambalo sanagwire choko. Anati, “Dzukani nonse, tiyeni kuseri.” Tinazungulira nyumba ino mpaka kukhoma lakumbuyo. Mukapita mukaona kuti khoma limenelo silinapakidwe pulasitala, ndipo mzere umodzi wa njerwa, wofika m'chifuwa, anausanja choimika kuti nkhope za njerwa zioneke kunja. Amisiri oyamba anachita dala.

“Sukulu ino si ya boma lokha,” anatero mayi Nankhoma. “Boma linabweretsa malata. Khomali anabweretsa ndi makolo anu, ena mwa iwo osadziwa kulemba dzina lawo. Anaumba kuti mwana amene sukulu inamukanika, kapena amene anaikana yekha, asathere panjira. Yendani ndi khomali, aliyense apeze mudzi wakwawo.”

Anzanga anayamba kukuwa mosangalala. Uyu wapeza mtanda, uyo wapeza botolo. Ine ndinkayenda kumbuyo, mutu ukuwawa, ndikuganiza za kumene ndikapeze kamowa kotsitsira matsire. Ndinangoona zala zitatu. Njerwa yotsatira, zala zitatu. Inanso, zala zitatu, zikuluzikulu, za azibambo. Kenako ndinafika pa njerwa ina. Zala zake zinali zazing'ono. Ziwiri zam'mbali zazitali, chapakati chachifupi.

Ndinaima.

Ndinayang'ana yotsatira, chimodzimodzi. Ndinayenda pang'ono, n'kupezanso ina. Zinali zambiri, abale anga, zambiri kuposa za bambo wina aliyense wa m'mudzi muja. Ndinakweza dzanja langa n'kuika zala zanga m'mabowo muja. Chala changa chapakati chinasowa polowa, chinatsalira pamwamba. Pamenepo m'maganizo mwanga ndinamuona Esinati m'dzenje muja, mwana kumbuyo, akuwerama, akudzuka, akuwerama, dzuwa likumuotcha, azibambo akumuyang'ana. Njerwa zake zinali pano, zolimba, zitanyamula denga la sukulu yophunzitsa ana a eni ake. Zanga zinali mulu wa dothi umene unathyola mwendo wa mwana wathu. Ndinalira ngati pamaliro. Sindikuchita manyazi kunena, ndinakhala pansi m'fumbi n'kulira.

Anzanga anali atapita kale. Mayi Nankhoma anabwerera okha.

“Bambo, mwadwala?”

Ndinawalozera njerwa ija. Ndinawauza zonse, za zidina, za Tadala, ngakhale za wilibala. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anayang'ana njerwayo, kenako anayang'ana ine.

“Ndiye kuti akazi anu anakulembetsani kalekale sukulu ino,” anatero. “Inu mwangochedwa kufika. Dzukani. Koma mawa mukabwera ndi fungo ili, chipande changa simuchigwira.”

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mukudziwa fungo limene ndikunenali. Kulira pakhoma sikuchotsa mowa m'thupi. Masiku otsatira ndinadwala, thukuta, kusanza, manja kunjenjemera moti chingwe chowongolera mzere chinkavina ndikachigwira. Mayi Nankhoma ananditumiza kuchipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauza adokotala zoona zake za mmene ndinkamwera. Anandithandiza, ndipo anandichenjeza kuti munthu amene wamwa zaka zambiri asamalimbane nazo yekha kunyumba. Inunso musachite manyazi, pitani. Ndinasintha njira ya njinga, chifukwa njira yachidule inkadutsa pakhomo pa mayi wina wotcheza kachasu, ndipo njinga ija inkadziwa kukhota yokha. Ndinayamba kudya phala ndisananyamuke, poti njala ndi ludzu la mowa zimayenda limodzi. Kaganyu kalikonse ndikapeza, malipiro ankalandira ndi a Felesiya. Munthu wamkulu ndevu pepeya kumapempha ya sopo kwa alongo ake, zinkandiwawa, koma zinandisunga.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakunamizeni. Kunali ukwati kwathu, wina anandipatsa kapu, ndinati kamodzi kokha. Ndinadzuka kuseri kwa khola la ng'ombe. Sabata yonse sindinabwere kuno chifukwa cha manyazi. Tsiku lina ndinangoona anzanga awiri a m'kalasi afika pakhomo pa njinga, akuti aphunzitsi atituma, akuti dzenje lanu la maziko likukudikirani, palibe amene akukumbireni. Ndinabwera mutu uli pansi. Mayi Nankhoma sanandilalikire. Anandipatsa piki ndi fosholo basi. Mukadzagwa, musadzathawe. Pano sathamangitsa munthu chifukwa wagwa, amafuna aone ngati abwerera.

Maphunziro enieniwo anandichotsa matama otsala. Ine ndinkaganiza kuti kumanga n'kusanja njerwa. Masabata oyamba tinkangokumba, kuphunzira kuona dothi, kudziwa lolimba ndi lofewa. Tikamanga kakhoma, aphunzitsi ankabwera ndi levulo, kuyang'ana, n'kunena kuti gumulani. Timange, tigumule, timange, tigumule. Tsiku lina anatiphunzitsa mmene madzi amakwerera m'khoma kuchokera pansi, mmene amadyera njerwa yosaotcha mpaka khoma kutsala lopanda miyendo, ndiponso chifukwa chake timakumba maziko, kuyala pepala lakuda la pulasitiki, ndi kuika khonde. Anzanga ankalemba. Ine ndinangokhala, chifukwa zimene ankajambula pabolodi inali nyumba yanga. Tsiku limenelo ndinasiya kunamizira mvula.

Chakumapeto kwa maphunziro ndinatuma nkhoswe yanga kwa a Chisale kuti ndikufuna kulankhula nawo. Anandilandira pansi pa mango uja, pafupi ndi mulu wa dothi, umene tsopano unali utamera bonongwe. Esinati anakhala chapatali ndi amake.

“Ndikupempha malo omwewa kuti ndimangepo nyumba,” ndinatero.

“Ife sitikulonjeza kanthu, a Levisoni,” anatero a Chisale. “Mukhoza kumanga, ife osakubwezani. Mwaliganizira limenelo?”

“Ndaliganizira. Nyumbayo ndi ya Tadala ndi amake. Mukadzafuna kulowetsamo mwamuna wina, adzalowe. Bola mwana wanga agone m'nyumba yosagwa.”

A Chisale anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo. “Mwini nkhani ndi uyo. Esinati, ukuti bwanji?”

Esinati analankhula akuyang'ana manja ake. “Amange. Ine za pakamwa ndinatopa nazo. Mwanayu chigwereni khoma sanagonepo m'mbali mwa nyumba. Akadzagona kukhoma la nyumba imeneyo mwa kufuna kwake, popanda womunyengerera, bambo akenso adzagona m'menemo. Akadzakana, basi.”

Mlandu wanga unali m'manja mwa mwana wa sitandade 3.

Apa ndiye ndithokoze koleji ino ndi mtima wanga wonse. Pano ali ndi chizolowezi choti ophunzira asamangomanga timakoma togumula, azipita m'midzi kukagwira ntchito yeniyeni, chifukwa midzi ndiyo inamanga sukuluyi. Mayi Nankhoma anabweretsa kalasi yonse kudzakumba maziko a nyumba yanga. Anatibwereka makina oumbira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, zosafuna nkhuni, poti Dzalanyama tamumeta kale mokwanira. Zotsalazo zinali zanga. Ndikapeza ganyu yomanga chimbudzi kapena khola la nkhumba, ndinkagula thumba la simenti n'kukasanja mizere ingapo. Zinatenga nthawi, chilimwe chinatha, china n'kubwera.

Madzi ndiwo anandionetsa zakuda. Amayi a m'mudzi muja palibe amene anafuna kunditungira, ndipo sindikuwadzudzula. Ndinkatenga zigubu n'kukaima pamzere kumjigo, bambo ndekha pakati pa azimayi. Ankandiseka mosabisa. “Akamwini, nkhata mwaiwala!” Ine ndinkangoseka nawo. Mumtima ndinkati, mkazi wanga anaima m'dzenje la azibambo nyengo yonse, ine pamzere wa azimayi ndifa nazo? Anzanga a kumowa aja anadzanditsata kudzaona. “Levi, wapenga? Ukumangira mwamuna mnzako nyumba ya malata?” Ndinawauza kuti agwire fosholo kapena adutse.

Khoma litafika pamawindo, m'mawa wina ndikusakaniza matope ndinamva madzi akukhuthukira mumgolo kumbuyo kwanga. Kucheuka, Esinati, ndowa ili m'manja.

“Matope anuwo auma, bambo a Tadala,” anatero, n'kubwerera kumjigo.

Mawu ake anali omwewo, koma tsiku limenelo ndinasanja njerwa ngati ndili ndi manja anayi. Tadala yekha sankayandikira. Ankaima patali pansi pa mango, kundiyang'ana. Ndikamupatsa moni ankayankha mwaulemu, ngati mmene amayankhira mlendo.

Inu amene mukuyamba lero, kaya mwasankha kusoka, kuwotcherera, ukalipentala, zamagetsi kapena zathu za matopezi, mudziwe kuti chimene muphunzire pano chidzakhudza thupi la munthu. Wina adzakhala pampando wanu, wina adzagona pansi pa denga lanu. Ndipo inu akamwini anzanga, uphungu wa kumowa uja ndi bodza. Ukamanga mwachinyengo poopa kuti adzakuthamangitsa, amene agone m'menemo si a malume a mkazi wako, ndi mwana wako. Mukatuluka muno zungulirani kuseri, mukayende ndi khoma lija. Mwina mukapeza dzanja la amanu. Satifiketi ndinalandira, wilibala ija ndinalandiradi, ndipo ikadali kwathu, tayala lokha ndi limene ndinasintha.

Nyumba inatha mvula yoyamba ili pafupi. Ndinasesa m'kati, ndinatsegula mawindo kuti fungo la laimu lituluke. Anali masana, kumwamba kutayamba kuda cha ku Dzalanyama. A Chisale anabwera, anagogoda khoma ndi ndodo yawo. Esinati anaima pakhomo. Kenako Tadala anabwera, akukoka pang'ono mwendo uja, monga amachitira mpaka lero. Analowa n'kuima pakatikati pa chipinda, manja atagwirana kumbuyo. Anayang'ana kudenga, anayang'ana m'makona.

“Ababa, khoma ili siligwa?”

Ndinafuna kumuuza za maziko, za simenti, za zonse zimene ndinaphunzira, koma ndinakumbukira kuti amake anati popanda womunyengerera.

“Likankhe wekha uone,” ndinatero.

Anayandikira pang'onopang'ono. Analikhudza ndi chala chimodzi n'kubwerera m'mbuyo msanga. Anayandikiranso, analikankha ndi manja awiri. Anatembenuka, anatsamira ndi msana n'kukankha mpaka nkhope kuchita makwinya. Kenako analimenya ndi chidendene cha mwendo wabwinowo. Anadutsa pakati pa ine ndi amake n'kutuluka, kulunjika kwa agogo ake.

Ndinati basi, zatha. Ndinayamba kutolera zida zanga n'kumaika mu wilibala, ndikudziuza kuti palibe kanthu, nyumba ndamanga, mawu anga ndasunga. Madontho oyamba anayamba kugunda pamalata.

Ndipamene ndinamuona akubwera mumvula, mphasa yake itapindidwa pamutu. Analowa, anadutsa pakati pa chipinda osaima, anakayala mphasa ija m'mbali mwenimweni, n'kuikankhira ndi phazi mpaka inagunda khoma. Anagona chammbali, msana wake utatsamira njerwa zanga. Mvula inakula, malata anayamba kusokosera, iye osasuntha.

“Ababa,” anatero, “tsekani chitseko, mphepo ikulowa.”

Ndinayang'ana Esinati kuti ndidziwe ngati nditsekere kunja kapena m'kati. Iye anali atalowetsa kale wilibala ija m'nyumba.

Ndinatsekera m'kati. Zikomo pondimvera, ndikhale pansi.